Za Masewera: Timu Yomanganso ndi Akatswiri Obwera Ulere

Mwezi uno tiweruze mlandu umene ubuka kawirikawiri pamene anyamata akhala pamthunzi Lamulungu masana, Misa itatha, nayamba kutsutsana za mpira wa miyendo. Mlanduwo ndi uwu: timu imene inali yomveka, koma tsopano yagwa, osewera ake akale atakalamba ndi kuchoka, ndipo ili kuyesa kumanganso, kodi iyenera kuitana akatswiri otchuka amene pangano lawo ndi timu ina latha, amene angathe kubwera popanda mtengo wowagulira? Ena ati inde, pakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ena ati iyayi, timu yotere iyenera kupirira ndi kulera ana ake. Atate ambiri ayesa nkhani iyi ngati phokoso chabe la ana. Koma muli ndalama zambiri m'menemo, mulinso tsogolo la anyamata amene mpira ndiwo munda wawo, chifukwa chake tiyenera kuiona bwino.

Tiyambe ndi kufotokoza kumene mwambo uwu unachokera. Kale ku Ulaya wosewera sanali womasuka ngakhale pangano lake litatha. Timu yake yakale inali kufunabe ndalama kwa timu iliyonse yofuna kumtenga. M'chaka cha 1990 mnyamata wina wa ku Belgium, dzina lake Jean-Marc Bosman, anatha pangano lake ndi timu ya RFC Liège, nafuna kupita ku timu ya Dunkerque ku France. Matimu awiriwo sanamvane pa za ndalama, ndipo iye anatsala pakati, malipiro ake atadulidwa kwambiri. Anapita nawo mlandu kubwalo, ndipo pa 15 Disembala 1995 bwalo lalikulu la milandu la mayiko a ku Ulaya linagamula kuti wosewera amene pangano lake latha angathe kupita ku timu ya dziko lina la mgwirizano wawo popanda timu yakale kulandira kanthu. Bosman mwini wake sanalemere nazo ayi, pakuti zaka zake zabwino zinathera m'mabwalo a milandu. Koma anzake onse obwera pambuyo anadya zipatso za mlandu wake.

Tsono anthu anayamba kunena kuti wosewera wotere abwera ulere. Mawu amenewa anyenga ambiri. Munthu akakupatsani ng'ombe osakulipiritsani, ng'ombeyo idzafunabe msipu, khola, mbusa ndi mankhwala. Ndipo ikakhala yokalamba, simudzaigulitsa mawa pa mtengo wabwino. Momwemonso katswiri wopanda timu. Podziwa kuti timu yatsopano siilipira timu yakale, iye afuna kuti gawo la ndalamazo lidze kwa iye mwini: afuna ndalama zolowera posaina dzina, afuna malipiro okwera mwezi ndi mwezi, ndiponso mkhalapakati wake afuna zake. Palinso mtengo wina umene suwerengedwa m'mabuku a ndalama. Pabwalo alowa anthu 11 okha. Malo amene katswiri waima ndi malo amene mnyamata wina sangaimepo, ndipo mnyamata sakula atakhala pa benchi.

Kuti tisalankhule za m'mwamba, titenge timu imodzi, tiitsate zaka khumi ndi ziwiri. Timuyo ndi AC Milan ya ku Italy, ya mumzinda wa Milan, mzinda wa Ambrozio Woyera, kumene Augustino Woyera anabatizidwa m'chaka cha 387. Timu iyi inayamba m'chaka cha 1899, ndipo yatenga chikho chachikulu cha matimu a ku Ulaya kasanu ndi kawiri, komaliza m'chaka cha 2007. Ine ndaisankha chifukwa inayesa njira zonse ziwiri, nilawa zowawa ndi zokoma zomwe.

M'chaka cha 2011 Milan inatenga ligi ya Italy. Chaka chomwecho inalola Andrea Pirlo, wosewera wapakati amene anakhala nayo zaka 10, kuti achoke pangano lake litatha, poganiza kuti pa zaka 32 mphamvu zake zinali kutha. Timu ya Juventus ya ku Turin inamtenga osalipira kanthu ku Milan. Juventus nayonso inali kumanganso, pakuti zaka ziwiri zotsatizana inamaliza pa nambala 7. Ndipo taonani, chaka choyamba cha Pirlo, cha 2011 mpaka 2012, Juventus inatenga ligi osagonja ngakhale kamodzi m'masewero 38, niposa Milan yomweyo imene inamtaya. Pirlo anakhala kumeneko zaka zinayi, natenga ligi zaka zonse zinayizo.

Amene ati "itanani akatswiri" ayamba ndi nkhani iyi nthawi zonse, ndipo sanama. Koma aiwala kuona nyumba imene Pirlo analowamo. Pagoli panali Gianluigi Buffon. Kumbuyo kunali Giorgio Chiellini, Leonardo Bonucci ndi Andrea Barzagli. Pakati panali Claudio Marchisio, woleredwa pakhomo pomwepo, ndi Arturo Vidal wa ku Chile, amene anagulidwa ndi ndalama chaka chomwecho. Awiriwa anali kuthamanga ndi kulanda mpira kuti Pirlo aime ndi kugawa. Mphunzitsi watsopano, Antonio Conte, anadziwa chimene anali kufuna. Zipupa zinalipo kale, denga lokha ndilo linasowa. Juventus inafuna munthu mmodzi wa ntchito imodzi yodziwika, nimpeza.

Tibwerere ku Milan. M'chaka cha 2012 akuluakulu ake anachoka pamodzi monga mbalame zouluka pamtengo: Alessandro Nesta, Gennaro Gattuso, Filippo Inzaghi, Clarence Seedorf, Gianluca Zambrotta. Chaka chomwecho mwini timu, Silvio Berlusconi, amene kale sanali kuwerenga ndalama, analola kuti Zlatan Ibrahimović ndi Thiago Silva, amene anali mizati iwiri yotsala, agulitsidwe ku Paris Saint-Germain. Apa ndipo panali pofunika kunena zoona kwa otsatira timu, kuti chuma chachepa, tiyambenso ndi ana, mupirire zaka zingapo. Koma atsogoleri anachita manyazi ndi umphawi wawo, nayamba kuuphimba ndi mayina akuluakulu a anthu osafuna mtengo wogulira. M'chaka cha 2013 anabweza Kaká wa ku Brazil kuchokera ku Real Madrid, munthu amene m'chaka cha 2007 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa dziko lapansi. Mu Januwale 2014 anadza Keisuke Honda wa ku Japan ndi Michael Essien wa ku Ghana. Pakati pa chaka chomwecho anadza Alex ndi Jérémy Ménez ochokera ku Paris, ndi Diego López wapagoli wochokera ku Real Madrid. Fernando Torres anabwerekedwa ku Chelsea.

Pa pepala mayina awa anali okoma kuwerenga. Pabwalo zinthu zinali zina. Milan inamaliza pa nambala 8 m'chaka cha 2014, pa nambala 10 m'chaka cha 2015, pa nambala 7 m'chaka cha 2016. Kaká anakhala chaka chimodzi, napita. Torres anamwetsa chigoli chimodzi chokha, nachoka patapita miyezi inayi. Ménez yekha ndiye anachita bwino chaka chimodzi, namwetsa zigoli 16, koma ndicho chaka chomwe timu inagwera pa nambala 10. Aphunzitsi anali kusinthidwa ngati malaya: Seedorf, Inzaghi, Siniša Mihajlović, Cristian Brocchi, anayi onsewa m'zaka ziwiri ndi theka. Sitinena kuti osewera amenewa anali aulesi kapena onyenga ayi. Ambiri anali anthu okhulupirika, koma miyendo yawo inali itagwira kale ntchito yake yaikulu kwina.

Ine chimene chindimvetsa chisoni m'zaka zimenezi ndi nkhani ya mnyamata mmodzi. Pa 6 Januwale 2014, tsiku la Epifania, Milan inagonjetsa Atalanta 3-0. Kaká anamwetsa zigoli ziwiri, ndipo chachitatu chinamwetsedwa ndi Bryan Cristante, mnyamata wa zaka 18, woleredwa m'sukulu ya mpira ya Milan momwemo, amene tsikulo anayamba sewero la ligi kwa nthawi yoyamba. Mwezi womwewo usanathe, timu inatenga Essien wa zaka 31, wosewera pa malo omwewo a pakati. Miyezi isanu ndi itatu itapita, Cristante anagulitsidwa ku Benfica ya ku Portugal. Pambuyo pake anasewera ku Atalanta ndi ku Roma, ndipo m'chaka cha 2021 anali m'gulu la dziko la Italy limene linatenga chikho cha mayiko a ku Ulaya. Essien anachoka ku Milan m'chaka cha 2015. Mayi amene wagulitsa mwanapiye wa msoti kuti adyetse tambala wokalamba wa mnansi, pakhomo pake sipadzaoneka mazira.

Za chaka cha 2017 tingodutsapo, popeza osewera a chaka chimenecho anagulidwa ndi ndalama. Berlusconi anagulitsa timu kwa Li Yonghong wa ku China, amene anamwaza ndalama pafupifupi mayuro 200 miliyoni m'miyezi yochepa. Timu inamaliza pa nambala 6. Mwini watsopanoyo analephera kubweza ngongole, ndipo m'chaka cha 2018 kampani ya ku America imene inamkongoza, ya Elliott, inalanda timu. M'chaka cha 2019 Milan inachotsedwa mumpikisano wa ku Ulaya kwa chaka chimodzi chifukwa cha kuphwanya malamulo a kayendetsedwe ka chuma.

Pamenepo mpamene kumanga kwenikweni kunayamba. Eni atsopano analamula kuti malipiro atsike ndi kuti agulidwe anyamata. Paolo Maldini, amene anasewera m'timuyi moyo wake wonse, monganso atate ake Cesare anaisewerera kale, anali mmodzi wa osankha. M'chaka cha 2019 anadza Theo Hernández, Rafael Leão ndi Ismaël Bennacer wa ku Algeria. Pakhomo panali kale Franck Kessié wa ku Ivory Coast, Davide Calabria ndi Gianluigi Donnarumma wapagoli. Onsewa anali a zaka pakati pa 20 ndi 23. Luso linalipo, koma analibe wowatsogolera pabwalo, ndipo akamwetsedwa chigoli chimodzi mitima yawo inali kugwa. Pa 22 Disembala 2019 anapita ku Bergamo kukakumana ndi Atalanta, namwetsedwa zigoli 5 osabweza ngakhale chimodzi. Akhristu a ku Mangochi ndi ku Balaka alidziwa dzina la Bergamo, pakuti ansembe ambiri a chipani cha Montfort amene anagwira ntchito kumeneko anachokera m'dera limenelo.

Masiku asanu atapita, Milan inalengeza kuti Ibrahimović abwerera. Anali ndi zaka 38, pangano lake ndi timu ya LA Galaxy ya ku America litatha. Munthu wokumbukira Kaká ndi Torres akanatha kunena kuti matenda akale abweranso. Koma onani kusiyana kwake. Anabwera mmodzi wotchuka, pamodzi ndi wotchinga kumbuyo wodekha wa ku Denmark, Simon Kjær, wobwerekedwa. Pangano lake linali la miyezi 6 yokha, ndi mwayi wowonjezera ngati zinthu zikoma. Zaka zotsatira anali kusaina chaka chimodzi chimodzi. Leão, mnyamata woyembekezeka, anapeza malo ake kumanzere. Ndipo chachikulu koposa, anabwera ali ndi njala ya kupambana, nayamba kufuna kuti anyamata agwire ntchito pa zokonzekera monga agwirira pa tsiku la sewero. Alimi a ngolo adziwa kuti ng'ombe yaing'ono iphunzira msanga ikamangidwa m'goli limodzi ndi yaikulu yodziwa mzere.

Pa theka la chaka lotsalalo iye anamwetsa zigoli 10 m'ligi. Mliri wa Covid-19 unaimitsa masewero kuyambira Malichi mpaka Juni 2020, ndipo atayambiranso, anyamata a mphunzitsi Stefano Pioli sanagonje m'masewero 12 otsalawo. Chaka chotsatira Ibrahimović anamwetsa zigoli 15 m'masewero 19, timu nimaliza pa nambala 2, nibwerera ku chikho chachikulu cha ku Ulaya itasowako zaka zisanu ndi ziwiri. Pa 22 Meyi 2022 Milan inagonjetsa Sassuolo 3-0, nitenga ligi ndi mapointi 86, kuposa anansi awo a Inter ndi mapointi awiri. Inali nthawi yoyamba kuyambira 2011.

Tsono tifunse, kodi ndi Ibrahimović amene anatenga ligi ija? Pano mpamene ine ndisiyana ndi anyamata okonda mayina. M'chaka cha chipambanocho iye anamwetsa zigoli 8 zokha. Bondo lake linali lowonongeka, masewero ambiri a kumapeto anawaonera pa benchi kapena kulowa mphindi zochepa, ndipo ligi itangotha anachitidwa opaleshoni. Wosankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'ligi chaka chimenecho anali Leão, mnyamata uja wa zaka 20 amene anampeza ali wosakhazikika. Sandro Tonali, Fikayo Tomori ndi Pierre Kalulu, onse anyamata obwera pambuyo pake, anasenza katundu wolemera. Olivier Giroud wa ku France, amene anamwetsa zigoli ziwiri pa tsiku lomaliza, anali wamkulu wina wogulidwa pa mtengo wochepa. Ntchito ya mkulu uja inaoneka poti pa tsiku limene iye sanathenso kuthamanga, timu sinagwe. Akanakhala kuti anabwera kudzasenza timu yekha, ikanagwa pamodzi ndi bondo lake.

Tisaiwale kuti khomo lolowera ndilo lotulukiranso. M'chaka cha 2021 Donnarumma, mwana wa pakhomo, anatha pangano lake, ndipo timu inakana kufika pa ndalama zimene iye ndi mkhalapakati wake anafuna. Anapita ku Paris popanda Milan kulandira kanthu. Hakan Çalhanoğlu anapita ku Inter mwa njira yomweyo, ndi Kessié ku Barcelona chaka chotsatira. Otsatira timu analira, koma atsogoleri sanathamangire dzina lalikulu lina. Anagula Mike Maignan kuchokera ku Lille, munthu wa zaka 25, amene m'chaka chake choyamba anasankhidwa kukhala wapagoli woposa onse ku Italy. Timu imene ikana kuswa muyeso wa malipiro chifukwa cha mwana wake, iyenera kuchenjera kawiri isanauswe chifukwa cha mlendo.

Ndipo ngakhale atsogoleri anzeru omwewo sanalase nthawi zonse. Mu Januwale 2021 anatenga Mario Mandžukić wa ku Croatia, wa zaka 34, wopanda timu. Anavulala, sanamwetse chigoli ngakhale chimodzi, nachoka patatha miyezi yochepa. Komabe tiyenera kumlemekeza pa chinthu chimodzi, chimene anyamata athu achimve: mwezi umene sanasewere chifukwa chovulala anakana kulandira malipiro ake, ndalamazo nizipita ku ntchito zachifundo. Timu sinapwetekedwe kwambiri, popeza pangano lake linali lalifupi. Koma m'chaka cha 2022 anatenga Divock Origi kuchokera ku Liverpool, amene anamwetsa chigoli m'sewero lomaliza la chikho cha ku Ulaya m'chaka cha 2019, nampatsa pangano la zaka zinayi. Iye anamwetsa zigoli ziwiri zokha m'ligi chaka chonse, nabwereketsedwa ku Nottingham Forest chaka chotsatira. Kulakwitsa kwa miyezi isanu kuiwalika msanga. Kwa zaka zinayi kukhala pamsana pa timu ngati ngongole ya katapila.

Chigamulo changa tsono nchakuti timu yomanganso ingathe kuitana katswiri wotere, koma mmodzi kapena awiri, pa pangano lalifupi, ndipo pokhapokha anyamata oti awaphunzitse alipo kale ndi mphunzitsi wakhazikika. Atsogoleri asanasaine afunse mafunso atatu: kodi munthu uyu adzaima pa malo a yani? Kodi akadzavulala mawa, tidzakhala tikumlipira mpaka liti? Kodi tili kumuitana chifukwa timu imsowa, kapena kuti otsatira aleke kutizazira? Funso lachitatu ndilo lovuta kuyankha moona, pakuti dzina lalikulu ligulitsa malaya ndi kutonthoza anthu mwezi umodzi, ndipo atsogoleri a mantha akonda mwezi umenewo koposa zaka zitatu za kupirira.

Nkhani iyi ifika ndi kwathu kuno, ngakhale ndalama zathu nzochepa. Tonse tidziwa zimene zichitika pamene chikho cha m'dera chafika kumapeto: timu ya pamudzi kapena ya pa parishi isonkhetsa ndalama kwa makolo, nikaganyula anyamata awiri atatu a kutauni, ndipo ana amene anapalira bwalo, anadula mitengo ya magoli ndi kuthamanga madzulo onse a chaka, akhala kunja kwa mzere tsiku lalikululo. Obwerawo alandira zawo, akwera galimoto madzulo omwewo, osadziwa ngakhale mayina a anzawo. Koma pamudzi pakakhala mwana wa pomwepo amene anasewerako m'matimu akuluakulu ndipo tsopano wabwerera kudzalima, ameneyo musamsiye ali chikhalire pakhonde. Akomiti apite kwa iye mwaulemu, ampemphe abwere ku zokonzekera kawiri pa sabata, alowe theka la sewero ngati miyendo ilola, ndipo anyamata a kumbuyo ndi a pakati amve mawu ake ali pafupi nawo pabwalo. Ndalama zimene mukanapatsa oganyulidwa mugulire mipira iwiri ndi pampu.

Ibrahimović anasiya mpira mu Juni 2023 ali ndi zaka 41, atasewera masewero anayi okha m'chaka chake chomaliza. Tsiku limene anatsanzikana ndi anthu pa bwalo la San Siro, Milan inagonjetsa Verona 3-1, ndipo zigoli ziwiri zomaliza anamwetsa ndi Leão.